Nyali ya Usiku ku Luangwa Isazimitsidwe, Koma Imangidwe ndi Lamulo

Ikamayandikira 8 koloko usiku, pa mlatho wa Luangwa ku Mfuwe pamadutsa magalimoto opanda denga, ali ndondondo kutuluka m'paki. Pambali pa woyendetsa pamakhala mnyamata wogwira nyali yamphamvu, ndipo kumbuyo kumakhala alendo atafunda mabulangeti, akusimbirana za kambuku amene amuona. Onsewa sanaphwanye lamulo lililonse. Koma usiku womwewo, munthu wina akapezeka makilomita ochepa kuchokera pa mlathowo ali ndi tochi pamphumi, mfuti ya gogodela ili paphewa, a gemu amamugwira n'kukam'siya m'manja mwa khoti. Kuwala n'kumodzi, maso a nswala amene kukugwerako ndi amodzimodzi. Chimasiyanitsa awiriwa ndi cholinga cha mwini nyali komanso chilolezo cha boma.

Nkhaniyi ikuwakhudza anthu a ku Chipata kuposa mmene ambiri amaganizira. Mzindawu ndiwo khomo la South Luangwa National Park kwa ambiri obwera pa msewu, kaya achokera ku Lusaka pa Great East Road, kaya alowera pa Mwami kuchokera ku Lilongwe. Kuchoka ku Chipata kukafika ku Mfuwe ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 130, ndipo pa msewuwo pamatsika katundu wambiri amene maloji amadalira, pamatsikanso anyamata ndi atsikana opita kukagwira ntchito yophika, yolondera, yokonza magalimoto ndi yotsogolera alendo. Chimodzi mwa zinthu zimene zimakokera alendowo ku chigwa cha Luangwa ndi ulendo wa usiku woona nyama ndi nyali. Ulendo umenewu suyenera kuletsedwa. Uyenera kumangidwa ndi malamulo olembedwa momveka, odziwika kwa aliyense, ndiponso okhala ndi chilango kwa woswa, akhale mlenje wa m'mudzi, akhale loji ya anthu achuma.

Lamulo lalikulu ndi Zambia Wildlife Act la 2015, lomwe linathetsa bungwe la ZAWA n'kuika ntchito yoyang'anira nyama m'manja mwa Department of National Parks and Wildlife. Lamuloli limaletsa kusaka nyama nthawi ya mdima, limaletsanso kugwiritsa ntchito tochi kapena nyali ina iliyonse posaka, pokhapokha munthu ali ndi chilolezo chapadera. Chiletsochi n'chakale. Malamulo a m'mbuyomu ankachita kutchula ndi dzina nyali ya bulala, ija alenje ankamanga pamphumi. Mkati mwa paki mulinso malamulo a nthawi: mlendo woyendetsa yekha galimoto yake ayenera kukhala atatuluka pofika 6 koloko madzulo, ndipo okhawo ali ndi gaidi wa laisensi ndi amene amapitiriza mpaka 8 koloko.

Chifukwa cha chiletso cha nyali chili m'diso la nyama. Nyama zambiri zili ndi kachikopa konyezimira kuseri kwa diso, komwe kamabweza kuwala kuti diso likugwiritse ntchito kawiri. N'chifukwa chake maso a mphaka kapena a galu amanyezimira tochi ikawagunda, ndipo n'chifukwa chake nyama zimaona bwino pamene munthu akungofufuza ndi manja. Koma mphatso yomweyo ndiyo imaziika pa ngozi. Kuwala kwamphamvu kukagwera diso limene lazolowera mdima, nyama imaima ili yaviyavi, yosaona munthu, yosaona kothawira. Mlenje sachita kulondola mapazi kapena kuyesa kumene mphepo ikuchokera. Amangoyang'ana timoto tiwiri tonyezimira n'kuloza mfuti. Ndipo popeza amaona maso okha, sadziwa ngati nyamayo ndi yaimuna, yaikazi ya bere, kapena yoyamwitsa. Pena sadziwa n'komwe ngati ndi nyama yakutchire kapena ng'ombe ya mnzake.

Anthu a m'chigwachi akudziwa tanthauzo la kutha kwa nyama. M'zaka za m'ma 1970 ku Luangwa kunali zipembere zakuda zikwizikwi, koma pofika 1998 zinalengezedwa kuti zatheratu m'Zambia monse, ndipo zimene zili ku North Luangwa lero zinachita kubwera nazo kuchokera kunja kuyambira mu 2003. Njovu nazonso zinaphedwa zochuluka m'zaka zomwezo. Si nyali yokha imene inachita zimenezi. Mfuti zamphamvu, misampha ya waya ndi msika wa minyanga ndizo zinali patsogolo. Komabe dziko limene linaona zoterezi silingalekerere chida chilichonse chimene chimapeputsa ntchito yopha. Chiletso cha kusaka ndi nyali n'choyenera, ndipo chisafooketsedwe.

Funso lovuta lili pa nyali inayo, ya munthu amene alibe mfuti koma kamera: kodi iloledwe?

M'maiko ambiri yankho lake ndi lakuti ayi. Ku Yellowstone ku America, paki imene inakhazikitsidwa mu 1872, kuunika nyama ndi nyali n'koletsedwa m'paki yonse, ngakhale munthuyo akungofuna kuona. Ku Botswana, m'mapaki a boma monga Chobe ndi Moremi simuloledwa maulendo a usiku, ndipo ku Maasai Mara ku Kenya wofuna ulendo wotere amapita ku malo a anthu eni ozungulira pakiyo. Ku Kruger ku South Africa mlendo sayenda yekha zipata zikatsekedwa. Amakwera galimoto ya eni paki. Zambia inasankha njira yake, ndipo South Luangwa inatchuka nayo. Pakiyi, yomwe ndi yaikulu masikweya kilomita 9,050 ndipo inalandira dzina la paki mu 1972, imadziwika padziko lonse monga malo amodzi mwa abwino koposa oonerako kambuku, amene anthu a m'chigwa amamutcha kaingo. Kambuku ndi nyama ya usiku. Masana amagona pa nthambi kapena m'mathengo a m'mbali mwa mtsinje, ndipo dzuwa likalowa ndi pamene amatsika.

Si kambuku yekha. Amene anayendapo ulendowu amadziwa kuti mdima ukagwa tchire limasintha eni. Nungu amatuluka m'una akugwedeza minga yake. Changa amalumpha kuchoka pa mtengo wina kufika pa unzake, maso ali psuu. Mwiri ndi fungwe amadutsa m'mbali mwa msewu akununkhiza pansi, chiuli amathamanga osacheukira munthu, ndipo lumbe amakhala pakati pa msewu mpaka galimoto itam'yandikira. Mvuu, zimene masana zimangoonetsa makutu ndi mphuno, zimapezeka zikudya msipu kutali ndi madzi. Woona paki masana okha waona theka lake.

Theka linalo ndi ndalama, ndipo si chinthu chochitira manyazi kunena. Mlendo amene wabwera kudzaona kambuku amagona masiku angapo, amalipira polowa m'paki tsiku lililonse, amadya, amagula zosema ndi nsalu za ku Mfuwe. Galimoto iliyonse ya usiku imafuna anthu awiri, gaidi ndi wogwira nyali, ndipo magaidi ambiri a ku Luangwa anayambira pa ntchito yogwira nyaliyo, akuphunzira kusiyanitsa maso a nswala ndi a kambuku asanakalembe mayeso awo, omwe amadziwika kuti ndi ovuta. Mmene alendo anasowera mu 2020 chifukwa cha Covid-19, mabanja a kwa Kakumbi ndi kwa Mnkhanya anaona okha kuti ntchito zimenezi zikaima, nsima imachepa m'nyumba zambiri. Maganizo akuti nyama yamoyo ingadyetse mudzi kuposa yakufa si achilendo kuno. Mu 1950 woyang'anira nyama wina dzina lake Norman Carr anagwirizana ndi mfumu yaikulu Nsefu ya Akunda kuti mbali ina ya dziko la mfumuyo ipatulidwe kukhala malo a nyama, ndipo ndalama za alendo zizipita kwa eni dziko. Ulendo wa usiku ndi nthambi ya mtengo umene unabzalidwa nthawi imeneyo.

Palinso phindu lina limene silitchulidwa kawirikawiri. Malo amene magalimoto a alendo amayendamo madzulo alionse ndi ovuta kwa wopha nyama mozemba. Magaidi ndiwo kawirikawiri amayamba kuona mkango kapena fisi ali ndi waya m'khosi, n'kudziwitsa a gemu ndi a Conservation South Luangwa, bungwe limene lakhala likugwira ntchito yochotsa misampha m'chigwachi kuyambira mu 2003.

Koma nyali ya mlendo nayo imavulaza, ndipo amene amakonda Luangwa sayenera kubisa zimenezi.

Chitsanzo chili pansi pa mtengo wa mvunguti m'miyezi ya chilimwe. Maluwa ake ofiira amatseguka usiku ndipo amagwa pansi, nswala n'kumabwera kudzatola. Kambuku amadziwa zimenezi. Amakwera mumtengomo kapena kubisala pafupi n'kudikira. Pa nthawi imeneyo nswala ili ndi zida zitatu zokha: maso, makutu ndi mphuno. Galimoto ikafika injini ikulira, makutu agontha. Utsi wa dizilo ukafalikira, mphuno yasokonezeka. Nyali ikaigunda kumaso, yatsala yopanda kanthu. Munthu akachoka pa kuwala kwamphamvu kulowa mu mdima amatenga pafupifupi theka la ola kuti maso ake azolowerenso bwinobwino. Nswala nayo imafuna nthawi, ndipo kambuku sadikira. Zimachitikanso mosemphana: nyali ikagwera kambuku amene wakhala akukwawa pang'onopang'ono kwa ola lathunthu, nswala zimamuona, zimafwenthera, n'kubalalika. Ngati ndi wamkazi wokhala ndi ana m'phanga, anawo agona ndi njala chifukwa cha chithunzi cha munthu wina.

Vutoli limakula chifukwa cha kuchuluka kwa magalimoto. Maloji ambiri ali pafupi ndi chipata cha Mfuwe, ndipo madzulo onse amalowera pa mlatho umodzi n'kuyenda misewu yomweyo. Mbiri ya kambuku ikamveka, magalimoto angapo amathamangira pamalo amodzi, iliyonse ndi nyali yake. Nyama imene ikuunikidwa kuchokera kumbali zitatu ilibe mthunzi wobisalamo. Gaidi nayenso ndi munthu: kumbuyo kwake kuli mlendo amene walipira ndalama zambiri, ndege yake inyamuka mawa, ndipo kangachepe ka kumapeto kwa ulendo kamadalira chimwemwe chake. Pamenepo m'posavuta kuyandikira mopitirira, kapena kusiya nyali ili kumaso kwa nyama kwa mphindi ina imodzi.

Ena, poona zimenezi, anganene kuti Zambia ingotsatira Chobe ndi Yellowstone, nyali zonse zizime dzuwa likalowa. Maganizowo ali ndi nzeru yake, koma mtengo wake ungagwere anthu olakwika. Mlendo wachuma angangosintha tikiti n'kupita kwina kumene nyali imaloledwa. Otsala ndi manja lende angakhale wogwira nyali wa kwa Kakumbi, mayi wogulitsa tomato ku loji, ndi mabungwe a Community Resources Board amene amadalira kuti nyama zibweretse kanthu m'midzi. Munthu sagwetsa nkhokwe chifukwa mwalowa khoswe. Amatseka pamene khosweyo walowera.

Njira yotsekera ikudziwika kale, chifukwa magaidi abwino amaitsatira okha. Saunika kumaso nyama za masana monga nswala, nseula, mbidzi ndi nyamalikiti. Nyali ikazigwera amaidutsitsa msanga. Saunika njovu kumaso, chifukwa njovu yothobwa m'maso imakwiya ndipo ingathe kugubuduza galimoto. Saunika mvuu imene ili kumtunda, kuopa kuitsekera njira yobwerera ku madzi. Akaona kuti kambuku kapena mkango wayamba kusaka, amazimitsa injini ndi nyali, n'kudikira mu mdima mpaka zitatha. Akafuna kuonetsa nyama, amaloza nyali pansi pafupi nayo kapena pa thupi, osati m'maso. Maloji ena amaika galasi lofiira pa nyali, popeza maso a nyama zambiri za miyendo inayi samva kwambiri kuwala kofiira monga amamvera koyera.

Mwambo wotere ndi wabwino, koma mwambo umadalira mtima wa munthu, ndipo mitima imasiyana. Chofunika n'chakuti mfundo zimenezi zikhale ndi mano a lamulo. Galasi lofiira likhale lokakamiza pa galimoto iliyonse ya usiku. Pakhale chiwerengero chodziwika cha magalimoto ololedwa pa nyama imodzi, ndipo nyali yoyaka ikhale imodzi yokha pa nthawi. Pakhale malire a mphamvu ya nyali, chifukwa nyali za masiku ano zimawala kwambiri kuposa zakale pamene zili zotsika mtengo. Kuunika nyama imene ikusaka kapena ikusakidwa kukhale mlandu. Chilango chisamangogwera gaidi, amene ndi wantchito chabe. Loji imene magalimoto ake alakwa mobwereza ilandidwe chilolezo cha usiku kwa kanthawi. Malamulowa alembedwe pa chikwangwani pa chipata, m'Chingerezi ndi m'Chinyanja, ndipo mlendo aliyense awamve asanakwere galimoto. Gaidi amene wakana kuunika nswala adzakhala ndi choloza, ndipo mlendo sadzamuona ngati waulesi kapena wamwano.

Chilungamo chikufunanso zimenezi. Ngati mwana wa m'mudzi amamangidwa chifukwa cha nyali imene yaphetsa nswala imodzi, n'kovuta kum'fotokozera chifukwa chimene galimoto ya loji ingaphetsere nswala ndi nyali popanda wofunsa. Milandu iwiriyi si yofanana kukula kwake, koma anthu a m'midzi amaona zonse, ndipo ulemu wawo pa lamulo umadalira kuona kuti silisankha nkhope.

Pali nyali yachitatu imene lamulo liyenera kuiteteza ndi mphamvu zonse, ndiyo tochi ya mlimi. M'dera la Lupande, lomwe lazungulira paki kumbali ya kum'mawa, anthu amakhala ndi nyama khomo ndi khomo. Chimanga, mapira ndi mpunga zikayamba kucha, abambo ndi amayi amagona m'misasa ya kumunda, akusonkha moto, akuomba zitini, akuunika ndi matochi kuti njovu zisalowe. Ena amaotcha tsabola wosakaniza ndi ndowe, kapena kumanga mipanda yopaka tsabola. Woyenda usiku ku Mfuwe popanda tochi angakumane maso ndi maso ndi njovu kapena mvuu pa njira ya kunyumba kwake. Mantha amenewa si nthano: mu 1991 mkango umodzi unapha anthu 6 m'midzi ya kumeneko, ndipo chikopa chake chikuonetsedwa ku Field Museum mu mzinda wa Chicago. Kumpoto kwa Chipata nako, m'midzi ya m'malire ndi Kasungu National Park ya ku Malawi, alimi akhala akudandaula za njovu kuyambira pamene njovu 263 zinasamutsidwira m'pakiyo kuchokera ku Liwonde mu 2022.

Lamulo limaletsa nyali yosakira, osati yolondera munda, ndipo kusiyana kumeneku kuyenera kumveka bwino kwa mlimi ndi kwa msilikali wa gemu yemwe. Mlimi amene sakudziwa ufulu wake amaopa kunyamula tochi, kapena amadana ndi a gemu n'kuyamba kubisa opha nyama. Kuwala kungathe kupulumutsa munthu ndi nyama nthawi imodzi: ku Kenya, mnyamata wa Chimaasai dzina lake Richard Turere anapanga nyali zothwanima za mphamvu ya dzuwa zoika kuzungulira khola, mikango n'kumaopa kuyandikira poganiza kuti pali munthu akuyenda ndi tochi. Ng'ombe zinapulumuka, mikango nayo sinaphedwe pobwezera. Gawo lina la ndalama za maulendo a usiku likanapita kukagula nyali zoterezi ndi matochi amphamvu a alonda a minda, mudzi ukanaona ndi maso phindu la magalimoto aja amadutsa madzulo.

Nayenso mlenje wa nyali sangathe ndi ndende yokha. Bungwe la COMACO, limene linayamba mu 2003 ndipo lili ndi fakitale ku Chipata, lasonyeza njira ina: munthu amapereka mfuti ndi misampha yake, amaphunzitsidwa ulimi, ndipo mtedza, mpunga ndi uchi wake zimagulidwa n'kugulitsidwa pa dzina la It's Wild! Amene amadziwa tchire usiku kuposa wina aliyense angathenso kukhala mlonda kapena wogwira nyali wa alendo, akapatsidwa mpata.

Chotsala n'chakuti eni dziko aone okha chimene akuuzidwa kuti asunge. Ana ambiri a ku Chipata amakula, kumaliza sukulu, osaonapo kambuku, ngakhale ali ulendo wa maola ochepa kuchokera kumene anthu a ku Ulaya amaulukira usiku wonse kuti akamuone. Thandiwe Mweetwa, katswiri wa mikango amene bungwe la National Geographic linam'lemekeza mu 2016, anakulira ku Mfuwe ndipo chidwi chake chinakula kudzera m'kalabu ya zachilengedwe ya kusukulu. Mabungwe monga Chipembele Wildlife Education Trust amatengera ana m'paki, koma ntchitoyi isasiyidwe kwa iwo okha. Chilolezo chilichonse cha maulendo a usiku chikhale ndi mfundo yakuti lojiyo, m'miyezi imene alendo achepa, itenge ana a sukulu za boma a ku Mambwe ndi ku Chipata ulendo wa madzulo kangapo pa chaka.

Oyenera kuchitapo kanthu ndi odziwika: a Department of National Parks and Wildlife, a Luangwa Safari Association, mafumu a Akunda monga a Nsefu, a Kakumbi, a Mnkhanya ndi a Malama, pamodzi ndi ma Community Resources Board a m'madera awo. Akhale pansi m'nyengo ya mvula, pamene misasa yambiri ya m'tchire yatsekedwa ndipo magaidi ali ndi mpata, alembe malamulo a nyali m'mawu ochepa omveka, ndipo awapereke kwa nduna ya zokopa alendo kuti iwasindikize. Akatero awaulutse m'Chinyanja pa Breeze FM ndi Radio Maria, kuti mlimi wa kwa Jumbe, woyendetsa basi wa ku Kapata ndi gaidi wa ku Mfuwe amve chinthu chimodzi, misasa isanatsegulidwenso mu Meyi.